Tiziloboti ta m'magazi sitinabwere, koma nano inafika kale kuchipatala

Achimwene, mwafunsa ziwiri pamodzi: ngati botolo la madzi la "nano" limene akukutsatsani lingachize shuga ya amayi, ndiponso kumene kunathera tiziloboti timene ankati tizidzayenda m'magazi n'kumakonza thupi. Za botolozo ndiyankhe mwachangu. Sungani ndalama zanu, ndipo amayi asasiye mankhwala a kuchipatala. Palibe botolo, mkanda kapena khadi yovala pakhosi imene inatsimikizika kuti imachiza shuga. Nano ndi muyeso chabe wa kuchepa kwa chinthu. Mita imodzi mukaigawa magawo 1 biliyoni, gawo limodzi ndiye nanomita, ndipo tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000.

Funso lachiwirilo ndiye lofunika kulikhalira pansi.

Malotowo anali ndi eni ake, ndipo sanali anthu wamba. Mu 1959 wasayansi Richard Feynman anakamba nkhani ku yunivesite ya Caltech ku America yoti tsiku lina anthu adzatha kusanja maatomu limodzi ndi limodzi. Mu 1986 Eric Drexler analemba buku lonena za timakina tosaoneka ndi maso timene tizidzapanga chilichonse, ngakhale kukonza maselo a munthu. Pamene asayansi a IBM analemba dzina la kampani yawo ndi maatomu 35 mu 1989, ambiri anati basi zayandikira. Boma la America linakhazikitsa pulogalamu yaikulu ya nano mu 2000, ndipo mu 2003 mkulu wa bungwe lawo lofufuza za khansa analengeza cholinga choti pofika 2015 pasadzakhalenso wovutika kapena kufa ndi khansa. Chaka cha 2015 chinafika n'kudutsa. Maliro a khansa tikuyendabe.

Richard Smalley, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1996, anatsutsa Drexler poyera. Iye ankati zala za kaloboti koteroko zingakhale zonenepa kwambiri ndiponso zomata, moti atomu kakaigwira sikangathe kuisiya pamene kakufuna. Thupi nalonso silichereza alendo. Kanthu kachilendo kakangolowa m'magazi, mapuloteni amakakuta nthawi yomweyo, kenako chiwindi ndi kapamba zimakakola. Gulu la Warren Chan la ku Toronto linaunika kafukufuku wa zaka khumi n'kupeza mu 2016 kuti pa tinthu ta nano tobayidwa m'nyama zoyesera, timene timafika pachotupa ndi pafupifupi 0.7 peresenti. Chaka chomwecho kampani ya BIND Therapeutics, imene inkatamandidwa kuti mankhwala ake azidzalunjika okha pa khansa, inagwa. Zochiza mbewa za m'labotale zachuluka, koma munthu si mbewa.

Chimene chinatheka n'chopanda ulemerero: kukulunga mankhwala m'timipira ta mafuta. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona phindu lenileni, ndipo nkhani yake ikutikhudza kuno kuposa mmene ambiri timadziwira.

Tengani amphotericin B, mankhwala akalekale a cryptococcal meningitis, nthenda youmitsa khosi ija imene yatenga abale athu ambiri amene chitetezo chawo chinatsika ndi HIV. Mankhwalawa amapha ndithu fangasi amene amayambitsa nthendayi, koma amawononganso impso ndi kuchepetsa magazi, ndipo wodwala ankayenera kukhala pa diripi sabata imodzi kapena ziwiri. Akawakulunga m'timipira tija amatchedwa AmBisome, ndipo impso zimapepukidwa, ndiye dokotala amatha kupereka mlingo waukulu kamodzi kokha. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitikira ku Blantyre ndi ku Lilongwe pamodzi ndi Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anasonyeza kuti diripi imodzi yotereyi, yotsatiridwa ndi mapiritsi, imapulumutsa anthu mosachepera njira yakale ija komanso siivutitsa thupi kwambiri. Mu 2022 bungwe la WHO linaivomereza kukhala njira yoyamba yochizira nthendayi. Aliyense amene anagonerapo pansi m'wodi akudikirira wodwala akudziwa kusiyana kwa diripi imodzi ndi ya sabata yathunthu.

Katemera wa COVID wa Pfizer ndi wa Moderna ndi nzeru yomweyo. mRNA, uthenga wa m'katemerayo umene umauza selo choti lipange, imawonongeka msanga ikalowa m'thupi ili yokha, ndiye amaikulunga m'kampira ka mafuta ka mananomita pafupifupi 100 kuti ikafike m'selo. Mukukumbukira mphekesera zija za pa WhatsApp zoti m'katemera muli kachipangizo kotilondola. Mulibe. Ndi mafuta, ndipo thupi limawagaya n'kuwatha. Kunena zoona, akatswiri anathera zaka makumi akulengeza za maloboti a m'magazi, ndiye sindidabwa kuti anthu atamva "nano" mitima inadumpha.

Zina mumazigwira osadziwa. Kamzere kofiirira kamene kamatuluka pa kachipangizo koyezera malungo kawirikawiri kamakhala tinthu ta golide, chifukwa golide akachepa kufika pamenepo saonekanso wachikasu. Mafuta ambiri oteteza khungu ku dzuwa ali ndi zinc oxide kapena titanium dioxide wopera kwambiri, n'chifukwa chake samakuyeretsani ngati mwadzola phulusa. Ma TV olembedwa QLED ali ndi timadontho timene mtundu wa kuwala kwake umadalira kukula kwake, ndipo amene anatitulukira analandira Nobel mu 2023. M'foni mukuwerengera uthengawu muli matransisita (timaswitchi tating'onoting'ono ta magetsi) mabiliyoni, ngakhale kuti "5 nm" kapena "3 nm" (nm ndiye nanomita) imene amalemba masiku ano ndi dzina la malonda, si muyeso weniweni. Graphene, kaboni wopyapyala ngati atomu imodzi, amene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anamupatula ndi selotepi ku Manchester mu 2004, ankati asintha chilichonse. Mpaka lero mumupeza kwambiri monga chosakaniza m'penti, m'matayala a njinga ndi m'zida zamasewera.

Komanso si zonse zochepa zimene zili zabwino. Mayiko a European Union analetsa titanium dioxide m'zakudya mu 2022 chifukwa akatswiri awo analephera kutsimikiza kuti sawononga DNA.

Lonjezo limene kulephereka kwake kumandiwawa ine si la maloboti. Mankhwala a khansa oyamba okulungidwa m'timipira ta mafuta kuvomerezedwa ku America, Doxil, amene ndi doxorubicin wokulungidwa, anawavomereza mu 1995 kuti azichiza Kaposi sarcoma mwa odwala Edzi. Kaposi ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri ku Malawi kuno, makamaka mwa abambo. Mankhwalawo sawononga mtima ngati doxorubicin wamba, ndipo kumayiko olemera akhala akuwagwiritsa ntchito zaka pafupifupi 30. Kuno mtengo wake ndi wosafikirika, moti odwala ambiri a m'chigawo chathu chino amathandizidwa ndi mankhwala ena otchipirapo.