Zigawenga sizifuna kukugonjetsani lero, zimafuna mutope

Achimwene, mwafunsa ngati mng'ono wanu avomere ntchito ya pa thiraki yopita ku Palma, m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique komwe kuli zigawenga: asakopeke ndi zoti kuli asilikali a ku Rwanda ndiye msewu uli bwino. Nafenso ankatiuza zomwezo pa msewu wa Tete m'zaka za m'ma 1980, ndili wothandizira dalaivala wa thiraki. Mdipiti unkanyamuka ku Zobue kulowera ku Nyamapanda, asilikali a ku Zimbabwe kutsogolo, pakati ndi kumbuyo, mfuti zili tcheru.

Tsiku lina tisanafike ku Moatize tinangomva phuu! Thiraki yachitatu kutsogolo kwathu yayaka. Dalaivala wanga anaponda buleki, ine ndinadumphira mu ngalande, nkhope m'fumbi, fungo la matayala opsa likutsamwitsa. Wa thiraki yoyakayo ankakuwa kuti chitseko chakana, ife tikumumva koma palibe anadzutsa mutu. Asilikali anawombera m'tchire mpaka makutu kugontha. Ankawombera ndani? Anthu aja anali atapita kalekale, atasenza matumba a shuga pamutu. Sindinaone nkhope ya chigawenga ngakhale imodzi.

Nkhondo yawo ndi imeneyo. Msilikali ayenera kulondera mlatho uliwonse, njanji yonse, usana ndi usiku, ndipo amadya, amalandira malipiro, galimoto yake imamwa dizilo. Chigawenga chimasankha malo amodzi, mphindi zochepa, basi. A RENAMO, gulu lomwe linkamenyana ndi boma la Mozambique nthawi imeneyo, ankagwetsa nsanja za mawaya a magetsi ochokera ku damu la Cahora Bassa mpaka magetsi anasiya kupita ku South Africa kwa zaka. Njanji ya Nacala inaima mu 1984, katundu wa Malawi n'kumazungulira ku Durban, ndipo mu 1987 asilikali athu anapita kukailondera. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno, a ku Nsanje, Dedza ndi Ntcheu akukumbuka. Inatha bwanji? Palibe anagonjetsa mnzake kutchire. Onse atatopa, pulezidenti Chissano ndi mtsogoleri wa RENAMO Dhlakama anakasaina pangano la mtendere ku Rome pa 4 October 1992. Za ku Cabo Delgadozi zinayamba mu 2017 ku Mocímboa da Praia, werengani nokha zaka.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si zigawenga ayi, ndi bwana wathu. Titabwerako sanafunse n'komwe ngati tavulala. Anazungulira thiraki, n'kuwerenga mabowo a zipolopolo pa lona, n'kutidula malipiro ati sitinasamale katundu. Munthu woti sanaponde n'komwe ku Zobue! Mkazi wa dalaivala amene anafera mu thiraki yoyaka ija anangopatsidwa thumba la ufa.

Ndiye muuzeni mng'ono wanuyo akane ntchitoyo. Koma ngati ndalama yake ndi yooneka, apite, ana sadya mantha. Asachoke pa mdipiti wa asilikali ngakhale tayala litaphulika, ayende nalo choncho. Asakhale kumbuyo kwa thanki ya mafuta, ndipo asananyamuke bwanayo alembe papepala kuti katundu akapsa alipira ndani, komanso iye akafa banja lilandira zingati.