Nylander asiyeni, nkhani ili kumbuyo

Achimwene, mwafunsa kuti popeza Marner anapita ku Vegas mu 2025, kodi Leafs, timu yathu ya hockey ya ku Toronto, isangomalizitsa ntchito, ichotsenso Nylander kapena Matthews n'kuyambiranso. Ine yankho langa ndi ayi, koma chifukwa changa si chija ena akulemba choti "ndi anyamata athu, tiwakonde". Chikondi chathuchi chikho cha Stanley Cup sichinabweretse, chomaliza chinali cha 1967.

Choyamba tisaiwale kuti ku NHL, ligi ya hockey ya ku America ndi Canada, sizili ngati ku mpira wa miyendo komwe timu imangotulutsa cheke n'kugula pleya. Kuno mumasinthana, pleya kwa pleya kapena ndi ma draft pick (mwayi wosankha osewera achinyamata chaka chilichonse), ndipo malipiro a timu yonse ali ndi malire otchedwa cap, sizoni ya 2024-25 anali madola 88 miliyoni. Ndiye taonani: Matthews 13.25 miliyoni, Nylander 11.5, Tavares 11, Marner pafupifupi 11. Anthu anayi okha ankadya kuposa theka la ndalama zonse, otsalawo, madifenda, magolokipa, onse ankagawana nyenyeswa. Ndi apo vuto linayambira.

Komanso mukuiwala chinthu china chachikulu. Nylander ali ndi no-move clause mu kontrakiti yake ya zaka 8 ija anasaina mu Januwale 2024, Matthews nayenso ali nayo, Rielly chimodzimodzi. Kutanthauza kuti bwana wa timu sangadzuke m'mawa n'kuwauza kuti longedzani, mwiniwake akakana basi zathera pomwepo. Ife titha kukangana mpaka kutacha kuti uyu apite uyu atsale koma cholembera chili m'manja mwa pleya.

Nkhani ya Marner ndiyo imandiwawa, osati chifukwa wapita ayi, koma mmene wapitira. No-move clause yake inayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2023. Tsikulo lisanafike timu ikanatha kumutumiza kulikonse n'kulandira katundu weniweni, difenda wa nambala wani mwina ndi ma pick pamwamba. Koma mwezi wa Meyi chaka chomwecho ndi pomwe pulezidenti wa timu Shanahan anachotsa bwana wogula osewera Dubas, Treliving analowa m'malo mwake kutangotsala mwezi umodzi, ndiye palibe anakhudza kalikonse. Mu Malichi 2025 Carolina inali ndi Rantanen, Marner anafunsidwa ngati angavomere kupita kumeneko posinthana ndi Rantanen, anakana, ndipo unali ufulu wake, mkazi wake anali woyembekezera nthawi imeneyo, ndani angasamuke. Mapeto ake munthu wa ma point 102 (zigoli ndi ma pasi obweretsa zigoli) wapita ku Vegas pa madola 96 miliyoni zaka 8, ife talandira Nicolas Roy. Roy ndi pleya wolimbikira, sindikumunyoza, koma ndi ngati kupereka ng'ombe n'kulandira mbuzi.

Yerekezani ndi Florida omwe anatichita chipongwe potitulutsa mu playoffs (ndime yolimbirana chikho) ya 2025 aja. Mu 2022 anamaliza pamwamba pa ligi yonse, Huberdeau atapanga ma point 115, koma atagonja mu playoffs bwana wawo Bill Zito sanazengereze, mu Julayi momwemo anatumiza Huberdeau ndi Weegar ku Calgary n'kutenga Matthew Tkachuk. Anagulitsa mtengo uli pamwamba. Zotsatira mukuzidziwa, fainolo 2023, chikho 2024, chikho 2025. Ife timadikira mpaka pleya atsale ndi miyezi kenako tizilira kuti sitinapeze kanthu.

Tsono za Nylander. Anthu amamuda chifukwa amaoneka ngati sizikumukhudza, amasewera ngati akuyenda pa Queen Street mu Toronto Loweruka masana, ndipo inde pobwerera kumbuyo kukathandiza madifenda nthawi zina ndi waulesi, sindikana. Koma kumbukirani series ya Boston 2024. Anajomba magemu atatu oyamba chifukwa cha mutu waching'alang'ala, atabwera mu Game 6 tinawina 2-1 zigoli zonse ziwiri zake, mu Game 7 chigoli chathu chimodzi chija chinalinso chake Pastrnak wa Boston asanatimalize mu overtime. Sizoni ya 2024-25 anagoletsa 45. Pa anayi aja ndi iyeyu amene sanjenjemera zikafika povuta, ndiye tichotse ameneyu? Marner wapita kale ndi ma point ake, mukachotsanso Nylander zigoli zichokera kuti, Knies yekha?

Matthews ndiye tisatayepo nthawi. Munthu anagoletsa 69 mu 2023-24, sizoni ya 2024-25 anasewera akumva kuwawa. Senta ngati ameneyu ukamutaya umadikira zaka khumi kuti upezenso.

Ngati pali wina woti akhale naye pansi mwaulemu, ine ndikuti ndi difenda Rielly. Zikundivuta kulemba chifukwa ndi iye wakhalitsa kuposa onse, anamutenga mu draft ya 2012, wadutsa m'zaka zonse zowawa osadandaula. Koma anakwanitsa zaka 31 mu 2025, amalandira 7.5 miliyoni mpaka 2030, ndipo Florida itayamba kutifinya kumbuyo kwa golo, puck kutuluka mu zone yathu inali nkhondo. Tinatsogola series ija 2-0, kenako pakhomo pathu pomwe Game 5 tinadya 6-1, Game 7 6-1 kachiwiri, anthu akuponya majezi pa ayezi mu Scotiabank Arena. Magemu amenewo sitinaluze chifukwa chosowa winga, tinaluza chifukwa sitinkatha kutuluka kumbuyo. Koma nayenso ali ndi clause ija, akakana palibe chochita.

Ndipo amene mukuti tiphwasule zonse tiyambirenso, tiyambira ndi chani? Pick ya first round ya 2025 inapita ku Chicago pa McCabe, ya 2026 tinapereka ku Boston limodzi ndi Minten kuti titenge Carlo, ya 2027 ku Philadelphia pa Laughton. Zina zili ndi zikhomo zotiteteza pang'ono koma mwachidule tikakhala pansi pa tebulo odyerera ndi ena, popeza matimu apansi ndi amene amayamba kusankha mu draft.

Komanso tili ndi mbiri yothamangitsa anthu kenako n'kumawaonera pa TV akunyamula chikho. Kessel anapita ku Pittsburgh 2015, zikho ziwiri motsatizana. Kadri anapita ku Colorado 2019, chikho 2022. Hyman tinamusiya apite ku Edmonton ulele, anakagoletsa 54. Mu 2025 Tavares anavomera kutsika kuchoka pa 11 kufika pa 4 ndi kanthu, cap ya 2025-26 inakwera kufika 95.5, ndalama inapezeka. Bwana wa timu akasake difenda wodziwa kutulutsa puck, Nylander amusiye.