Ndikudikira chizindikiro, mpamba ukutha

FUNSO: Alangizi, ndine mayi wa kwa Khombedza ku Salima. Titagawana ndalama za banki mkhonde ndinaganiza zoyamba geni ya usipa, koma usiku tulo sindiliona: nanga ukandiolera? Nanga ngati si chifuniro cha Mulungu? Miyezi 8 yatha ndikupempherera chizindikiro, ndalama zikungothera ndiwo. Nditani?

YANKHO: Mayi, pepani, maganizo otere amatopetsa kuposa khasu. Kupemphera mukuchita bwino, koma kugulitsa usipa moona mtima si tchimo loti mudikire loto. Mlaliki 11:4 akuti woyang'ana mphepo sadzafesa. Pa Eksodo 14:15, nyanja ili kutsogolo, Mulungu anauza Mose kuti Aisraeli anyamuke.

Mafunso anu ndi amitundu iwiri. Ena, monga za mwera ndi mitengo ya mawa, sali m'manja mwanu. Atuleni kwa Mulungu monga Afilipi 4:6 akunenera. Koma la kuola lija yankho lake lili ku Senga Bay, ndipo pamphasa simungalipeze. Dzipatseni masiku 7 okha. Pitani padoko, mufunse amayi atatu a geniyi mtengo wa ndowa, wa thiransipoti ndi chiphaso cha msika. Atatu akwana, mukafika khumi mudzangotola mantha a anthu ena.

Usipa mugwire ndi dzanja. Wouma bwino pathandala umalimba ndipo sununkha chivundi. Wofewa ndiwo umachita nkhungu m'thumba, makamaka nthawi ya mvula. Mwezi ukamawala usipa umachepa chifukwa asodzi amaukopa ndi nyali, choncho mtengo umakwera. Pikulani nthawi ya mdima.

Tsiku la 8 gulani ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpamba wanu, osati wonse. Uku ndiko kuwerengera mtengo kwa pa Luka 14:28. Zikavuta, mudzakhala ndi poyambiranso. Tsikulo muuziretu mnzanu mmodzi wa ku mvano kuti adzakufunseni ngati mwagula.

Maganizo akabwera usiku, alembeni m'kope, mupemphere mwachidule, muwaonenso m'mawa. Pakati pa usiku musamange mfundo iliyonse.

Koma kusowa tulo kukapitirira milungu iwiri, chakudya osachifuna, kapena mukayamba kuganiza zodzipweteka, uzani abusa ndipo mupite kuchipatala cha boma ku Salima tsiku lomwelo.