Kodi Ilala ikadali ngati kale?

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Akuti ali wamng'ono bambo ake ankamukweza Ilala sukulu zikatsekera, ndipo tsopano akufuna kutengako ana ake, koma anzake akumuuza kuti sitimayo inakalamba, angotaya nthawi. Ndiye apite kapena ayi?

Mayi, mawu oti "inakalamba" awa ndi amene andiyabwa. Kukalamba inakalambadi. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kulumikizidwa kunyanja konkuno, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Dzina lake ndi la Ilala, dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. M'litali ndi mamita pafupifupi 52 basi, pamene zisitima zina za alendo za masiku ano zimapitirira mamita 300.

Koma zomwe mukukumbukazo zimachokera pa kuchepa komweko. Ku Ruarwe galimoto silifika, doko kulibe. Ilala imaponya nangula chapatali, n'kutsitsa maboti ake, ndipo anthu amatsetsereka pamakwerero pamodzi ndi matumba a chimanga, malata, njinga ndi makreti a zakumwa. Mwana amapatsirana m'manja ngati mtolo. Boti likafika pamchenga, mumapinda thalauza kapena kukweza chitenje n'kuponda m'madzi. Amene akuti n'kutaya nthawi akuyembekezera hotela yoyandama. Ilala si hotela, ndi basi ya anthu a ku Likoma, Chizumulu ndi Usisya, ndipo wapaholide ndi mlendo chabe pakati pawo. Mukavomereza zimenezi musanakwere, simudzadandaula.

Ndipotu si Ilala yokha imene tinaiona panyanjayi. Chauncy Maples ya amishoni a Anglican inayamba ntchito mu 1901. Vipya inamira mu 1946 kumpoto kwa nyanja chifukwa cha namondwe, anthu oposa 100 n'kufa, ndipo Ilala inabwera pambuyo pa ngozi imeneyo. Nyanjayi siyosewera nayo, ndi chifukwa chake nkhani ya mwezi woyenera kupita ndimaiumirira. Kuyambira cha mu May mpaka August kumaomba mwera, mafunde amakula, ana amasanza usiku wonse, ndipo kutsikira m'boti kumavuta. Ngati mungathe kusankha, pitani mu October kapena kumayambiriro kwa November: kumatentha, koma madzi amakhala bata masiku ambiri.

Tsono chitani izi

Musakwere ulendo wonse ndi ana. Mwachizolowezi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Chilumba Lamlungu, n'kubwerera pofika Lachitatu. Masiku amenewo ndi ochuluka kwa mwana. Kwerani pa Nkhata Bay kupita ku Likoma, mukaone tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe chinayamba kumangidwa mu 1903. Kumbukirani kuti sitima imadutsa kamodzi pa sabata mbali iliyonse, choncho werengerani tsiku lobwerera musanatsike.

Makabini ndi ochepa, sungitsani malo msanga. Akatha, gulani tikiti ya fesiti kalasi, pamwamba pomwe pali bala. Pamenepo mumagona panja, ndiye tengani mphasa, bulangete ndi juzi chifukwa mbandakucha kumazizira. Pansi ndi potchipa, koma ndi podzaza, potentha, ndipo fungo la usipa wouma ndi dizilo silingamuchitire bwino mwana wa nseru.

Nyamulani ndalama zapamanja, madzi akumwa, tochi, ndi jumbo yokulungiramo mafoni pokwera boti. Mankhwala oletsa nseru amwedwe ola limodzi musanakwere, osati mwana atayamba kale kusanza. Mukangokwera funsani pomwe pali majekete oyandamira. Imbani ku ofesi ya sitima sabata yomweyo, chifukwa nthawi zina imakhala ikukonzedwa ku Monkey Bay. Ndipo musaike ukwati kapena ntchito tsiku lotsatira lobwerera: kutsitsa katundu pa doko limodzi kumatha kudya maola angapo.