Kodi katemera amamwedwa?

Kalata yoyamba sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Kanyama mu Lusaka, mphunzitsi wopuma pantchito. Akuti: "Nthawi ya kolera ija a zaumoyo ankayenda ndi chimkuzamawu m'komboni muno akuti bwerani mudzamwe katemera. Ine zinandizunguza mutu. Kutemera n'kucheka pakhungu. Nanga chinthu chochekera munthu angachimwe bwanji? Kodi si kuwononga chiyankhulo kumeneku?"

Amayi, mwandikanda poyabwa. Khutu lanu silinakunamizeni. Tsinde la mawuwa ndi kutema. Timatema mtengo ndi nkhwangwa, timatema nzimbe, timatema tsekera lomangira mpanda. Tikalowetsa kachidutswa ka -er- pakati, kutemako kumakhala kochitira wina, n'kukhala kutemera. Koma makolo athu akati "mwanayu mukam'temere" sankanena za nkhwangwa ayi. Ankanena za mphini.

Ine mphini ndili nazo, ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo, pafupi ndi maso. Ndili mwana kwathu ku Katete mutu unkandiwawa pafupipafupi ndikaweruka kusukulu. Agogo aakazi anandikhazika pamphasa kuseri kwa nkhokwe, anatsina khungu ndi zala ziwiri, n'kucheka ndi lumo mwachangu moti ndinayamba kulira atamaliza kale. Kenaka anatikitamo makala a mizu yowotcha, osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Mutuwo unapitiriza kuwawa mpaka pamene ndinadzavala magalasi ndili ku sekondale, koma izo nzina. Chimene ndikufuna muone ndi ntchito yakeyo: kutsegula khungu pang'ono, kuikamo kanthu, kuti munthu atetezeke. Paja mphini zina sizinali zochiza, zinali zotsirika thupi matenda kapena mfiti zisanafike.

Tsono taganizirani anthu ozolowera zimenezi akuona achipatala atafika pamudzi kudzalimbana ndi nthomba. Katemera wa nthomba sankalasa mkati mwa mnofu monga achitira masiku ano. Ankakanda kapena kuboolaboola khungu la pamkono ndi kachitsulo konyowetsedwa m'mankhwala, pamalopo pankatuluka chithuza, chikauma n'kusiya chipsera chozungulira chimene achikulire ambiri ali nacho mpaka lero. Munthu wakumudzi akanati chiyani poona zimenezo? Anati awa akutemera. Dzina linabadwira pomwepo, ndipo wina anditsutse ngati angathe. Nthombayo inatheratu padziko lonse, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza zimenezi mu 1980, koma dzina la chida chimene chinaigonjetsa linatsala, n'kumasamukira ku chikuku, ku kafumbata, ku chifuwa chachikulu.

Mawu akasamuka chotere sabwerera kumudzi kwawo. Onani a Chingerezi. Liwu lawo lakuti vaccine likuchokera ku vacca, limene m'Chilatini ndi ng'ombe yaikazi, chifukwa mu 1796 dokotala wa ku England, Edward Jenner, anatenga mafinya a nthomba ya ng'ombe pa dzanja la mayi wokama mkaka n'kuwapaka pa mabala aang'ono amene anacheka pamkono wa mnyamata wa zaka 8. Lero palibe Mngelezi amene amasuzumira m'kabotolo kufunafuna ng'ombe. Liwu lathu n'labwinoko kuposa lawo, chifukwa lathu limanena za ntchito, lawo limanena za chiweto.

Ndiye katemera wa kolera amamwedwadi, amayi. Ndi kabotolo kakang'ono ngati chala, amakakhutchumula, amatsegula, munthu n'kugugudiza kamodzi n'kamodzi. M'katimo muli tizilombo ta kolera takufa kale, toti thupi litione, litizindikire, tsiku lodzabwera tamoyo lidzatipeze lili chire. Amam'patsira pakamwa popeza kolera amalowera pakamwa ndipo nkhondo yake imachitikira m'matumbo. Wa poliyo uja amadonthezera ana m'kamwa, inu nomwe munkafoletsa ana anu pamzere kuti alandire, ndipo sindinamve wina akudandaula kuti dzina lalakwika.

Inu a ku Kanyama nkhani ya kolera simuimvera pa wailesi. Mliri wa 2017 mpaka 2018 munauona, asilikali akuchotsa ogulitsa malonda m'misewu ya m'tauni. Umene unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo: bwalo la masewera la National Heroes linasanduka chipatala mu January 2024, masukulu anachedwa kutsegulira mpaka mu February, ndipo anthu oposa 700 anatisiya m'dziko muno. Chifukwa chake n'chodziwika. Pansi pa Lusaka pali mwala wa laimu wodzaza ming'alu ndi mapanga, ndipo mvula ikagwa madzi a m'zimbudzi zokumba amadutsa m'ming'alumo n'kukakumana ndi a m'zitsime zosaya zimene anthu amatungamo.

Ngati mukufuna chokangana nacho pa katemerayu, kanganani ndi kuchuluka kwake, osati dzina lake. Mwa lamulo lake amayenera kumwedwa kawiri. Koma mu October 2022 amene amasunga nkhokwe ya katemerayu padziko lonse anaona kuti miliri yachuluka kuposa mabotolo, n'kugamula kuti pa mliri aliyense azimwa kamodzi basi. Ena mwa maumboni amene analimbitsa maganizo amenewo anachokera kuno komwe, pakuti mu April 2016 anthu oposa 400,000 a m'makomboni a Lusaka anamwa kamodzi kokha ndipo kunapezeka kuti kumateteza ndithu, kwa kanthawi. Mkangano wa akatswiri uli pa kanthawiko, ndiponso pa funso lakuti ndalama zizipita ku mabotolo chaka ndi chaka kapena ku mipope ndi ngalande. Ine wa mawu ndilibe voti kumeneko, ngakhale ndimaona kuti ku Kabulonga, kwa anthu olemera, chimkuzamawu cha katemera wa kolera sichifika, ndipo si chifukwa chakuti kumeneko amayankhula bwino.

Chigamulo changa: nenani kuti kumwa katemera, mtima uli m'malo. Chimene sindingalole n'chija ndimamva m'maminibasi, chakuti "mwalasiwa vakisini?" Tili ndi liwu lathu lokhala ndi mizu mpaka kuseri kwa nkhokwe ya agogo, ndiye tikabwereke ng'ombe ya Chilatini?

Funso lachiwiri landipeza pa WhatsApp, lochokera kwa mnyamata wa ku Matero. Akuti: "Akulu, ndamva kuti kwabwera katemera wa edzi, wolasa kawiri pachaka. Mnzanga akuti si katemera. Tabetcherana. Wapambana ndani?"

Mphwanga, kam'lipire mnzakoyo. Pano ndiye sindisekerera, ngakhale pamwambapa ndalekerera liwu lomweli kuti liyende mmene lifunira.

Chimene wamvacho ndi mankhwala otchedwa lenacapavir, opangidwa ndi kampani ya Gilead ya ku America. Amalasa pansi pa khungu kamodzi pa miyezi 6. Pa kafukufuku amene anachitika ku South Africa ndi ku Uganda, zotsatira zake n'kutuluka mu 2024, mwa atsikana ndi amayi oposa 2,000 amene analandira nyeletiyi panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachilombo panthawi imene ankawerengera. WHO inavomereza mu July 2025. Asanabwere ameneyu kunali kale wina, cabotegravir, wolasa pa miyezi iwiri iliyonse, amene Zambia inayamba kupereka mu February 2024. Zonsezi ndi nkhani yabwino kwambiri kwa ife amene tinaika abale athu m'manda zaka zija matendawa tinkangowatchula monong'ona kuti kaliwondewonde.

Koma si katemera. Katemera ndi mphunzitsi: amalowa m'thupi, amaonetsa asilikali a m'thupi nkhope ya mdani, iye n'kuchoka, asilikaliwo n'kutsala akukumbukira. Nyeleti iyi siphunzitsa aliyense. Ndi mlonda waganyu. Mankhwalawo amakhala pansi pa khungu n'kumasungunuka pang'onopang'ono kulowa m'magazi, kachilombo kakafika amakalepheretsa kuswana. Miyezi yake ikatha mlonda wapita, ndipo thupi lako silidziwa kanthu kalikonse kamene silinkadziwa poyamba. Katemera weniweni wa HIV kulibe mpaka lero, chikhalirecho kachilomboka kanadziwika mu 1983 ndipo akatswiri ayesa kangapo konse.

Udziwa chifukwa chake ndaumirira? Munthu wa kuno akamva kuti katemera, m'mutu mwake mumabwera khadi la mwana la kusikelo: walandira, wamaliza, zatha. Ndiye mnyamata ngati iwe alasidwe kamodzi mu January, azidziguguda pachifuwa kuti ine ndinatemeredwa, mu July osabwererako. Pofika Khirisimasi akuyenda wopanda chomuteteza koma mtima uli zii. Palinso china. Nyeletiyi ndi ya munthu amene alibe kachilombo, n'chifukwa chake amayamba akupima magazi nthawi iliyonse. Wina amene ali nako kale osadziwa akailandira yokha, kachilomboko kangathe kuizolowera. Mwina unena kuti akatemera enanso amafuna kubwereza, monga wa kafumbata. N'zoona, koma kumeneko n'kukumbutsa wophunzira zimene anaphunzira kale. Kuno kulibe wophunzira.

Dzina loyenera tili nalo kale, ndipo amayi ndiwo anatitsogolera. Nyeleti ya chilezi ija amalasa pa miyezi itatu iliyonse, unamvapo mayi akuitchula kuti katemera wa mimba? Amadziwa bwino kuti ukadumpha tsiku lako, uyambe kusoka matewera. Tsono iyinso tiziti nyeleti yoteteza ku HIV. Abale athu a ku Lilongwe aziti jekeseni, nzawo zimenezo. Pajatu iwo amabaya, ife timalasa, ngati kuti namwino wagwira uta. Liwu la nyeletilo ine ndimati linabwera m'thumba la makolo athu amene ankapita ku migodi ya kum'mwera, chifukwa Azulu amati inaliti, kuchokera ku naald ya Mabunu. Singano tinaisiyira atelala.

Za mtengo wake ungamve phokoso, ndipo phokosolo lili ndi chifukwa: ku America mankhwalawa amagulitsidwa madola oposa 28,000 pachaka, pamene makampani a ku India alonjeza kupanga omwewo pa madola 40 kuyambira mu 2027. Izo ukakambirane ndi mnzako uja akamamwa zimene wakudyera.

Lomaliza ndi lalifupi, lochokera kwa bambo wina wolemba zikwangwani ku Kamwala: alembe "katemera ka chikuku" kapena "katemera wa chikuku," ndipo akachuluka atani?

Wa, bambo, wa. Ka ali kumayambiriroyo asakupusitseni. Si ka wochepetsa uja wa kamwana, kanyumba, kachilombo, amene amakoka mnzake n'kumati kachilombo ka chimfine, kachilombo aka. Uyu ndi ka wina, wopanga dzina kuchokera ku ntchito, yemwe timam'pezanso mu kalembera, kafukufuku, kaundula. Maina amenewa chiyankhulo chimawatenga ngati anthu. Timati kalembera wa chaka chino, kafukufuku wapeza, katemera wafika, katemerayu ndi waulere. Akachuluka amatenga a- monga agalu ndi akalulu: akatemera. "Makatemera" ndinaliwerengapo pa chipupa cha kiliniki ina kuno, lolembedwa ndi penti wofiira, zilembo zazikulu ngati mutu wa munthu. Ndinauza mlonda wa pageti kuti palakwika. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi, n'kundifunsa ngati ndabwera kudzapimitsa shuga.