Ukufuna kuphunzira za magetsi? Yamba wasuzumira pa mbaula

Imelo yomwe ndalandira Lachiwiri yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mtsikana wa Folomu 4 amene mtima wake uli pa uinjiniya wa magetsi, makamaka a dzuwa, koma kunyumba akuti asankhe unamwino poti ntchito yake sisowa. Funso lake: kodi ndikulota?

Chemwali, wandigunda pachilonda.

Ine MSCE ndinawerengera pa koloboyi. Mwina sunayionepo: kachitini, chingwe chong'amba ku bulangete lakutha, palafini wogula pang'onopang'ono m'kabotolo. M'mawa ukamina zimatuluka zakuda bii. Mabatire a wailesi ya bambo ndinkawayanika padzuwa kuti alizeko nkhani za madzulo, ndipo ndinkafunitsitsa kudziwa chomwe chimachitika m'kati mwakemo. Koma amalume, omwe ankandilipirira fizi, anangoti mawaya sadyetsa munthu, chita za maakaunti. Ndinamvera. Lero ndimakhalira kuwerenga ndalama za eni ake. Njala sindigona nayo, zoona, koma ndikadutsa ku Salima n'kuona mapanelo a sola aja atandandalika pamtunda wonse, mamegawati 60 kuyambira 2021, pamtima pamandiluma.

Tsono ndikuuze chomwe chimandipsetsa mtima. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka pakamodzi, ndipo kukonza kunatenga kupitirira chaka. Ngakhale popanda namondwe, makina opangira magetsiwo amatsamwa ndi matope komanso zinyalala. Matopewo amachokera kuti? Kumapiri omwe tawameta mpala. Mitengo yake ndi ija umaiona m'mamawa pamsewu wa Zalewa, itasanduka matumba a makala atatu kapena anayi panjinga imodzi, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Magetsi akazima timathamangira makala, makala amaliza mitengo, dothi likokolokera mu Shire, makina aima, magetsi azimanso. Ndipo tisanamizane, ngakhale tsiku lomwe magetsi alipo, nyemba timaphikabe pa mbaula kuopa kutha mayunitsi.

Ndiye injiniya amene akungolota zoyatsa babu ndi kutchaja foni, kwa ine sanayambe. Kapanelo ka padenga sikapsetsa nsima ya anthu asanu ndi awiri. Amene adzapeze njira yoti mayi wa ku Ndirande aphike mosavuta, motchipa, popanda makala, ameneyo ndiye ndidzamuvulire chipewa. Mbaula ya Chitetezo yadothi ija imachepetsako nkhuni, koma nkhuni ndi nkhuni basi.

Ukanena za maloto akowa, anthu azikutchulira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Amaiwala kunena kuti anayambira mulaibulale, ndipo pambuyo pake anabwerera kusukulu mpaka kukamaliza ku koleji ya Dartmouth ku America. Luso lopanda masamu lawonongetsa ndalama za anthu. Azakhali anga anagulitsa mbuzi ziwiri n'kugula sola, wolumikiza wake anangotenga waya kuchoka papanelo kupita kubatire popanda kachipangizo koletsa kudzaza mopitirira. Miyezi itatu batire inatupa ngati mkate. Mpaka lero amati sola ndi bodza, ndipo ndilibe pakamwa powatsutsira.

Nanga uchite chiyani

Limbikira Masamu ndi Fizikisi, pamenepo palibe chidule. Ku Mzuzu University kuli maphunziro a mphamvu zongowonjezereka ngati za dzuwa ndi mphepo, ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kuli uinjiniya wa zamagetsi. Ukapanda kusankhidwa, makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA amaphunzitsa zolumikiza magetsi, osawaderera. Pa holide pempha munthu woika sola amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti uzimugwirira makwerero, uone ngati dzuwa la pamalata ungalipirire.

Makolo usakangane nawo. Ungowaperekeza kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, afunse anamwino chomwe chimayendetsa filiji ya katemera, komanso kuti mayi akabwera kudzachira usiku magetsi atazima amaunikira chiyani.