Usanatumize botolo, funsa chimene agogo adya lero

Mdzukulu wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg wandifunsa kuti: "Agogo anga kumudzi akudwaladwala, chimfine sichikuwachoka. Kuno m'masitolo muli makapisozi a ma probiotics, akuti amalimbitsa chitetezo cha m'thupi. Nditumize mabotolo angati?"

Mtima wako ndi wabwino, mdzukulu wanga, koma takhala pansi kaye.

Ma probioticswo ndi tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, abale ake a tija timasasitsa mkaka kukhala chambiko. Nkhani yake ndi yakale. Élie Metchnikoff, wasayansi wa ku Institut Pasteur ku Paris amene analandira mphoto ya Nobel mu 1908, ankakhulupirira kuti alimi a ku Bulgaria amakhala moyo wautali chifukwa chomwa mkaka wosasa. Nayenso ankaumwa mokhulupirika, koma anatsikira kulichete mu 1916 ali ndi zaka 71. Ambiri kwathu kuno amupitirira zaka osadziwa n'komwe dzina lake.

N'zoona kuti munthu akamakalamba chitetezo chake chimafooka, ndipo tizilombo tabwino ta m'matumbo timasintha. Pamene makapisoziwo aonetsa phindu lomveka ndi pochepetsa kutsegula m'mimba kumene kumabwera munthu akamamwa maantibayotiki. Zoti angathetse kudwaladwala kwa nkhalamba, a malonda athamanga kuposa madokotala. Komanso ena mwa makapisoziwo amafuna firiji. Tsono taganiza: botolo lili m'katundu wa pabasi, lidutse Beitbridge, lipse ndi dzuwa la ku Tete, lidzafike pa Mwanza. Tizilomboto tikafa, wagula ufa wodula chabe.

Chimene ana inu mumaiwala n'chakuti tizilombo tili kale m'mimba mwa agogo timafuna kudya, ndipo chakudya chake ndi gaga, nyemba, masamba ndi zipatso. Ufa woyera uja mumauona ngati ulemu, gaga yense anatsala pamtondo. Agogo mano adatha, nsima yolimba amangoinyema kawiri n'kusamba m'manja, a pakhomo n'kumati akhuta. Aphikireni phala la mgaiwa lothira nsinjiro, chipere, nkhwani wotendera wofewa bwino, nthochi yakupsa. Chambiko chilipo, bola mkakawo uwiritsidwe usanasase, poti wauwisi umatha kupatsira TB ya ng'ombe. Thobwa nalonso ndi labwino ngati madzi ake ndi otetezedwa ndipo ndowa ndi yovundikira. Shuga yekha achepe, makamaka ngati ali ndi matenda a shuga.

Ndipo asamadye okha kuseri kwa nyumba. Nkhalamba ikamadya yokha mbale imabwerera ili yodzaza. Pakhale mdzukulu wosusa nawo, wowafunsa nkhani zakale.

Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, apite kuchipatala akayezetse makhololo, osadikira phukusi la ku Joni. Mankhwala a BP kapena ma ARV asasiye chifukwa kwabwera botolo lokongola. Ngati chitetezo chawo chatsika kwambiri, monga omwe akulandira chithandizo cha khansa, makapisoziwo asamwe dokotala asanavomere, chifukwa kwa otere tizilombo tabwinoto timathanso kudwalitsa.

Ndalama ya mabotoloyo tumiza kwa azakhali ako agule mtedza, nyemba ndi mazira. Ukaimba foni Lamlungu, moni ukatha, uwafunse agogowo eni ake kuti dzulo anadyera ndiwo yanji.